Mfiti ya Pakhoma pa Namitete

"Iwe, chotsa mwanayo pamenepo! Usiku alota, ativutitse tonse."

Anakalipa motero mayi wogulitsa zitumbuwa pa Namitete, koma mtsikana amene ankauzidwayo, atabereka kamlongo kake kumbuyo, sanasunthe n'pang'ono pomwe. Maso anali pakhoma. Sanali yekha. Anyamata a kabaza anali atatsamiritsa njinga zawo m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji. Amayi awiri ochokera kuchigayo anatula ufa wawo pansi. Ngakhale oitanira maminibasi, amene pakamwa pawo sipatsekeka, anaiwala kaye zoti pali galimoto yofunika kudzaza.

Khomalo linali la nyumba yoonetseramo makanema. Mwini wake anali atalemba ganyu mnyamata wolemba zikwangwani kuti amujambulire chinthu chokoka anthu, ndipo mnyamatayo anali ataima pa benchi, bulashi kumanja, zitini za penti zili pansi. Kumwamba anapakako kuti bii, n'kuikapo mwezi wofiira. M'munsi munali manda, mitanda itapendekeka, kadzidzi atatera pa nthambi youma, fisi wa maso a moto akusuzumira kuseri kwa chiliza. Pakatikati pa zonsezi lichero linali m'malere, ndipo m'licheromo munakhala nkhalamba yaikazi, imvi zili mbuu, dzino limodzi, zikhadabo zitalizitali.

Ine n'kuti ndili kwa wosoka nsapato pafupi pomwepo, phazi limodzi lili pa katoni, kudikira kuti amalize. Zonse zinayankhulidwa ndili pamenepo.

"Koma mwanayu dzanja ali nalo," anatero wakabaza wina. "Fisiyo akuchita kuoneka kuti adumpha pompano."

"Dzanja lake liti? Ndi la woipayo limenelo," anayankha bambo ena a jekete lakuda, Baibulo lili m'khwapa, amene anthu ankawatchula kuti akulu a mpingo. "Mwana iwe, Mulungu anakupatsa luso kuti uzijambula manda? Maluwa atha? Nyanja yaphwa?"

Mnyamatayo anatembenuka mwaulemu, bulashi ikudontha. "Bambo, pa golosale ya uko ndinajambulapo nyanja, bwato ndi dzuwa likutuluka. Mpaka lero sindinaonepo munthu ataima n'kumayang'ana. Koma apa taonani, ngakhale inuyo mwaima."

Anthu anaseka. Akulu a mpingo anapukusa mutu, koma sanachoke.

Mnyamatayo ananena zoona. Munthu amathawa chomuopsa, koma akaona kuti sichimugwira amabwerera kudzachiyang'anitsitsa. Ambirife tinakulira pa nthano za madzulo. Agogo akafika pamene chimphona chameza mudzi wonse, tinkafunda kumutu, koma pansi pa bulangetepo kuvomera kunkamvekabe, poopa kuti nthano ingathere panjira. Ndikaganiza bwino, zimene zimatisowetsa tulo masiku ano zilibe nkhope. Mtengo wa feteleza ulibe maso oti uwayang'ane. Njala ya mu February ilibe mano ooneka. Matenda ogwira mwana pakati pa usiku, chipatala chili kutali, suwaona akamalowa pakhomo. Tsono wojambula akatenga mantha amenewa n'kuwapatsa maso, mano ndi zikhadabo, n'kuwakhomera pakhoma pomwe sangasunthe, mtima umapepukako. Wachiona chinthucho, wadziwa msinkhu wake, ndipo ukhoza kuchifulatira n'kumapita kwanu. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi anthu amene amati wokonda zithunzi zotere ali ndi mtima woipa. Ambiri mwa iwo ndi anthu amene atopa ndi kuopa zinthu zosaoneka.

Chapatali pang'ono panakhala agogo ena ogulitsa mipini ya makasu, amene nthawi yonseyi ankangonunkhiza fodya wawo osanena kanthu. Atamva anthu akubwerezabwereza zoti chithunzicho n'choopsa, anatsokomola.

"Mwati zoopsa? Zimenezi? Yayi, ana inu simudaone kanthu. Mubwere kwathu kwa Kabudula tikakolola, anthu akamamanga ziliza, mudzaone gule akutuluka kudambwe. Mbalule ikalira, fumbi likati koboo, ndiye mudzadziwe kuti thupi limachita tsemwe bwanji."

Anayamba kutchula zilombo chimodzichimodzi, ndipo anthu anafulatira khoma n'kuyang'ana iwo. Kang'wingwi wodzola matope thupi lonse, nthenga kumutu, amene akangotulukira ana amabalalika. Makanja wotalika kupitirira tsindwi la nyumba. Mbaula woyaka moto pamutu. Chadzunda wa nkhope yakuda, yamakwinya, wolowa m'bwalo akutsimphina koma ng'oma ikakolera n'kuvina kuposa anyamata. Chimkoko chachitali. Njovu imene siituluka wamba, koma pa zinthu zikuluzikulu monga maliro a mfumu. Pomaliza anatchula Kasiyamaliro, ndipo apa mawu awo anatsika, pakuti ameneyu ndiye amaperekeza mzimu wa womwalira kuti usatsalire m'mudzi n'kumavutitsa amoyo.

"Ife tili ana tinkathawa," anatero wakabaza uja, "koma tinkathawira pafupi, kuseri kwa nkhokwe, kuti tizionabe."

"Eya, kuthawako ndi mwambo womwewo," anatero agogowo. "Koma ukafunse amayi ako. Chilombo chilichonse chili ndi nyimbo yake, ndipo nyimboyo ili ndi chomwe ikunena. China chikudzudzula mwamuna waulesi, china wakuba, china mkamwini wosalemekeza apongozi, china mfumu yodyera anthu ake. Chimakuopsa kuti umve. Tsono ichi chapakhomachi chikunena chiyani? Ndafunsa ine."

Palibe anayankha. Mnyamata wa bulashi anakanda m'mutu ndi chala chopanda penti.

Agogowa ankayankhula monga munthu wodziwa kuti chimene akunena chili ndi mizu. Gule wamkulu amavinidwa kuno, kum'mawa kwa Zambia ndi ku Tete m'dziko la Mozambique, ndipo chaka chilichonse mu August Achewa a m'maiko atatuwa amakumana ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba. Mu 2005 bungwe la UNESCO linaika guleyu m'gulu la chuma chamtengo wapatali cha anthu onse a dziko lapansi. Koma chomwe ambiri sadziwa n'chakuti makolo sanangovina zilombozi, ankazijambulanso. M'mapiri a Chongoni ku Dedza muli malo 127 a zithunzi za pamiyala, omwe UNESCO inawazindikira mu 2006. Zofiira ndi zakale kwambiri, za Akafula. Zoyera zambiri ndi za Achewa, ndipo pa phiri la Namzeze zina mwa izo ndi zilombo za gule. Ofufuza amati zimenezi zinajambulidwa m'nthawi imene gule ankapanikizidwa, poyamba ndi Angoni, kenaka ndi amishoni ndi boma la atsamunda. Anthu atasowa bwalo, anatengera mwambo wawo kumapanga n'kuulemba pathanthwe. Choncho mnyamata wa pa Namitete sanayambe ndi iye kupaka zoopsa pakhoma.

"Zimenezo ndiye zimene makolo athu anasiya atalandira Uthenga," anatero akulu a mpingo.

"Adasiya ena. Ena sadasiye," anayankha agogowo, osakweza mawu.

Panadutsa kamphepo kozizira. Aliyense wa kuno amaudziwa mkangano umenewu. Unayamba pamene amishoni a Dutch anafika ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, ansembe a White Fathers n'kukhazikika ku Mua mu 1902, pambuyo pake n'kudzafika mpaka ku Nambuma. Ankalimbirana ana, kuti apite kusukulu kapena kudambwe, ndiponso ankalimbirana maliro. Mpaka lero alipo mabanja amene pa tsiku loika m'bale wawo amayamba akhala kaye pansi kukambirana ngati kuimbidwe nyimbo za kwaya kapena kulire ng'oma.

Amene anaziziritsa zinthu ndi aphunzitsi ena opuma pantchito, omwe ankachokera ku chipatala cha St Gabriel's kukatenga mankhwala awo a mwezi ndi mwezi. Anaimika njinga yawo, navula chipewa.

"Akulu a mpingo, pepani ndilowerere. Buku muli nalo m'khwapamo, kumapeto kwake kuli chiyani? Si chinjoka chofiira cha mitu 7 ndi nyanga 10? Si dzombe la nkhope za anthu? Nanga wokwera pa kavalo wotuwa uja dzina lake ndani?"

"Koma chinjokacho chimagonja, aphunzitsi."

"Chimagonja, inde. Ndiye kuti wolembayo sanaope kutionetsa choopsa pofuna kuti uthenga ulowe. Si zomwe akunena agogowa?"

Akulu a mpingo anasuntha Baibulo kulipititsa kukhwapa lina. Aphunzitsiwo anapitiriza kuti ali pantchito anapitapo ndi ana a sukulu ku Mua. Kumeneko wansembe wa ku Canada, Bambo Claude Boucher, amene anafika m'dziko muno mu 1967 ndipo anadzapatsidwa mfunda woti Chisale, anatsegula malo a zaluso a Kungoni mu 1976. M'nyumba yosungiramo za chikhalidwe ya Chamare muli nkhope za gule zoposa 400. Wansembeyo anatha zaka zambiri akuyenda m'mabwalo, kulemba maina a zilombo, nyimbo zake ndi matanthauzo ake, mpaka buku lake lalikulu linatuluka mu 2012.

"Ana aja polowa m'chipindamo anangoti zii, ena kugwirana manja," anatero aphunzitsiwo. "Koma itakwana nthawi yoti tizipita, ndinachita kuwakoka. Ndipo pa ulendo wonsewo, chomwe anakalemba bwino m'chimangirizo ndi chipinda chomwecho."

Aphunzitsiwo akanatha kuwonjezera kuti ngakhale ku Ulaya zoopsa zinakulira m'manja mwa anthu opemphera. Hieronymus Bosch, wa ku Netherlands, amene anamwalira mu 1516, anajambula gehena mmene chilombo cha mutu wa mbalame chikumeza anthu amoyo. Amene anakonda kwambiri ntchito zake n'kuzisonkhanitsa anali Philip II, mfumu ya ku Spain yodziwika ndi kulimbikira Chikatolika. Lero anthu amaima pamzere ku nyumba yoonetseramo zithunzi ya Prado, mumzinda wa Madrid, kuti akaone gehena ameneyo.

Apa panatulukira mnyamata wina wa pa shopu yotchajira mafoni, amene amaikiranso anthu nyimbo ndi makanema m'mamemori. Anabwera foni ili m'mwamba.

"Za penti n'zachikale izi. Taonani changa. Ndinajambula ku Nsaru pa chiliza mwezi wathawu."

Foni inayenda m'manja mwa anthu mpaka inandipeza. Kunena zoona, chithunzicho chinali chokongola mochititsa mantha. Chilombo chinali m'malere, miyendo yonse itachoka pansi, nsanza zikuuluka. Mnyamatayo anali atadetsa kumbuyo konse, n'kuwonjezera utsi, maso n'kuwafiiritsa. Anati atachiika pa Facebook anthu anachikonda kuposa china chilichonse chomwe anaikapo. Ena a ku Joni analemba kuti chawakumbutsa kumudzi. Ena analemba kuti ndi ziwanda, Mulungu atichitire chifundo.

Agogo a mipini anaigwira foniyo ndi manja awiri, naitalikitsa kumaso.

"Ameneyu ndani?"

"Ndi gule, agogo."

"Ndaona kuti ndi gule. Dzina lake?"

Mnyamatayo anangomwetulira.

"Udapempha kwa eni mzinda? Udasupa?"

"Ndinangojambulira chapatali, agogo. Foni yanga imakoka."

"Amayi oimba ali kuti apa? Ang'oma ali kuti? Anamfedwa, amene tidapitira kukawapepesa, ali kuti? Wachotsa onse, wasiya mano okha. Uwu ndi mpini wopanda khasu, mwana wanga. Woona ali kutali adzati kwathu timapembedza ziwanda, pomwe ife tidali kutsanzikana ndi m'bale wathu."

Mawu amenewa anandikhudza, chifukwa kamera ili ndi mphamvu imene bulashi ilibe. Chopakidwa ndi penti aliyense amadziwa kuti chachokera m'mutu mwa munthu. Chojambulidwa ndi kamera anthu amachitenga ngati umboni, ngakhale utsi wake uli wochita kuwonjezera pa foni. Sindikunena kuti gule asamajambulidwe, ndiponso sindikubisa kuti alipo ena amene amaipitsa mbiri yake potchinga misewu, kumenya odutsa ndi kuthamangitsa ana a sukulu, zomwe mafumu ndi bungwe la Chewa Heritage Foundation akhala akudzudzula. Ndikunena kuti pali kusiyana pakati pa wojambula woba ndi wojambula wopempha. Douglas Curran wa ku Canada anakumana ndi gule koyamba m'zaka za m'ma 1990 pakati pa Achewa ogwira ntchito ku Zimbabwe. Sanangotola zithunzi n'kuthawa. Anawalondola mpaka kuno kumudzi, nabwerera chaka ndi chaka, kukhala ndi eni mwambo ndi kuphunzira maina a zomwe ankajambula. Zithunzi zake n'zoopsa ndithu, koma chilombo chilichonse chili ndi dzina. Palinso mwana wa kwathu konkuno, Samson Kambalu, amene amaphunzitsa zaluso pa yunivesite ya Oxford, yemwe chiboliboli chake cha John Chilembwe chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu 2022. Timakanema take tatifupitifupi anatitcha Nyau Cinema, ndipo chomwe anatengako ku gule ndi kusewera kwake, kudabwitsa kwake, kutulukira pomwe anthu sakuyembekezera. Anaona kuti m'bwalo anthu amanjenjemera uku akuseka, ndipo kusekako sanakutaye.

Nthawi yonseyi mayi wa zitumbuwa anali chete, akuthamangitsa ntchentche pa beseni lake. Kenaka anaimirira, namanga bwino chitenje.

"Abambo inu mwayankhula zambiri, za Mua, za Baibulo, za mafoni. Koma palibe ndi mmodzi yemwe wayang'ana nkhope ili m'licheromo. Achimwene ojambula, ameneyo ndani?"

"Ndi mfiti basi, mayi."

"Mfiti munaiona kuti kuti mudziwe nkhope yake?"

"Ndimangoona m'mafilimu a ku Nigeria. Zimakhala chonchi."

"Imvi zimenezo, dzino limodzilo, masaya olowawo, amenewo ndi mayi anga. Ndi agogo a aliyense waima pano. Ana mukuwaonawa akabwerera kumudzi n'kukumana ndi nkhalamba ikutola nkhuni, adzati ndi uja wa pakhoma."

Mawu ake anayamba kunjenjemera, koma sanasiye. Anati azakhali ake, mayi wamasiye amene analera ana a abale ake ambirimbiri, anathamangitsidwa m'mudzi mwana wa mnansi atamwalira ndi malungo. Nyumba anaitentha, mbuzi anagawana. Amene anatsogolera anali anyamata omwe azakhaliwo anawaphikirapo phala. Anakamwalirira kwa eni, akufunsabe chomwe analakwa.

"Ndiye inu mukuti n'zokongola. Fisiyo jambulani, mandawo jambulani, ine ndilibe nazo kanthu. Koma nkhalambayo yakulakwirani chiyani?"

Pa Namitete panangoti zii. Wosoka nsapato anaimitsa singano.

Mayiyu anafika pomwe ena tonse tinalambalala. Nkhani ya azakhali ake si yachilendo m'dziko muno. Mu January 2016 ku Neno anthu anapha okalamba anayi powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wa m'mudzimo. Chaka ndi chaka bungwe loona za anthu achikulire la MANEPO limadandaula za agogo omenyedwa, otenthedwa nyumba ndi ophedwa pa mlandu womwewu. Chonsecho lamulo la za ufiti la mu 1911, lomwe likugwirabe ntchito, limati wolakwa ndi amene waloza mnzake chala kuti ndi mfiti. Ku Ulaya anadutsamo kale m'njira imeneyi. Pakati pa zaka za m'ma 1400 ndi 1700 anthu oposa 40,000, ambiri mwa iwo akazi, anaphedwa pa milandu ya ufiti, ndipo zithunzi zosindikizidwa za nthawiyo zinathandiza kukhomereza m'mitu ya anthu kuti mfiti ndi mayi wokalamba wouluka usiku. Chithunzi sichigwira chikwanje, koma chimaphunzitsa maso a mwana kuti woyenera kumuopa ndani, ndipo mwanayo amakula.

Wina anganene kuti ngakhale akatswiri otchuka anajambula mfiti zokalamba. N'zoona. Francisco Goya wa ku Spain, atakalamba, atagontha makutu, ataona nkhanza za nkhondo ya Napoleon m'dziko lake, anapaka zithunzi 14 zakuda pakati pa 1819 ndi 1823. China ndi cha chimphona chikudya mwana wake, china ndi cha msonkhano wa mfiti zitazungulira tonde. Koma kwawoko n'kuti kuotcha anthu pa mlandu wa ufiti kutatha kale, ndipo iye anazipaka pa makoma a m'kati mwa nyumba yake, osati pamsika. Anthu anadzaziona iye atamwalira. Ife kuno moto ukadali woyaka, ndipo khoma lathu layang'ana kumsewu.

Amene ndimafuna ojambula athu atamudziwa ndi mnansi wathu wa ku Mozambique, Malangatana Ngwenya, wobadwa mu 1936 ku Matalana, yemwe anamwalira mu 2011. Zithunzi zake n'zodzaza thothotho ndi maso otong'oka, mano akuthwa, zikhadabo, magazi, anthu ndi zilombo zitapiringizana moti sungadziwe pomwe wina wathera. Zimaopsa kuposa khoma la pa Namitete kutalitali. Koma mano amenewo ankaloza nkhanza za atsamunda a Chipwitikizi, ntchito yokakamiza, ndende, ndipo pambuyo pake nkhondo yapachiweniweni imene inatumiza anthu ake ambirimbiri kudzabisala kuno kwathu. Apolisi achinsinsi a atsamunda anamumanga mu 1964, nakhala m'ndende miyezi 18. Chiweruzo changa chili pamenepa: luso la zoopsa limakhala lolemekezeka likaluma wamphamvu ndi khalidwe loipa, ndipo limasanduka nkhanza likaluma munthu amene alibe womuteteza.

Mnyamata uja anatsika pa benchi, nabwerera m'mbuyo mpaka m'mphepete mwa msewu, n'kuyang'ana ntchito yake nthawi yaitali.

"Agogo anga ali ku Mpingu," anatero motsitsa. "Ndi amene anandigulira makrayoni oyamba."

Mwini kanema, amene anali akumvetsera ali pakhomo, anatuluka msangamsanga. "Ayi, ayi, penti ndagula ndine. Nkhalambayo ndi imene ikukoka anthu. Mukaifufuta mundibwezera ndani?"

"Bwana, ife watiimitsa ndi fisi," anatero wakabaza. "Nkhalambayo taiona pambuyo."

"Ipatse nkhope yosakhala ya munthu," anatero agogo a mipini. "Chadzunda ndi nkhalamba, koma akalowa m'bwalo amayi amalulutira, chifukwa imvi kwathu ndi ulemu. Choipa chipatse nyanga, chipatse mlomo wa mbalame, chipatse chilichonse chomwe mutu wako ungalote. Mnansi wako yekha umusiye."

Anakangana kwa kanthawi za mtengo wa kachitini ka penti wakuda, mpaka aphunzitsi anapisa m'thumba n'kuthirapo pang'ono, mnyamata wa mafoni n'kuwonjezera. Wojambulayo anakweranso pa benchi. Imvi zija zinalowa mumdima. M'malo mwake munatuluka chinthu cha maso a kadzidzi, nyanga zopotana, pakamwa pofika m'makutu, mimba yotupa. Atafika pa manja anaima kaye, kenaka anajambula zikhadabo zitakumbatira thumba la chimanga, chimanga china chikutayikira pa manda.

Apa ndiye anthu anayamba kulimbirana kuyankhula.

"Ameneyo ndi venda wa sikelo yobera!"

"Ayi, ndi uja amagulitsa munda wa makolo abale ake osadziwa."

"Ndi wodya chimanga cha thandizo ameneyo, taonani mimbayo."

"Ndi mwamuna wanga akagulitsa fodya," anatero mmodzi wa amayi a kuchigayo aja, anthu n'kufa nacho chikhakhali.

Aliyense anatchula khalidwe, palibe anatchula dzina la munthu. Agogo aja anagwedeza mutu, nabwerera ku mipini yawo. Akulu a mpingo anati mandawo sakuwasangalatsabe, ndipo ana sayenera kumaonera mafilimu otere, mfundo imene ine ndikuivomereza, poti m'nyumba zambiri za makanema mwana wa zaka 7 amalowa malinga walipira. Koma anavomera kuti chinthu cha pakhomacho ndi umbombo, ndipo umbombo Baibulo limaudzudzula. Mayi wa zitumbuwa sananene kuti zikomo. Anangokhala pansi n'kuyamba kuwerenga ndalama zake, nkhope ikadali yolemera.

Aphunzitsi asanakwere njinga anamuitana mnyamatayo. "Ulembe dzina lako pansi pakepo. Ku Ghana, m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, anyamata onga iwe ankajambula zithunzi zoitanira anthu ku makanema pa matumba a ufa. Lero zithunzi zimenezo zimagulidwa ndi osonkhanitsa zaluso ku America ndi ku Ulaya, ndipo amene ankalemba maina awo ndi amene akudziwika. Komanso munthu akalemba dzina lake pa ntchito, amayamba waganiza kaye chomwe akupaka."

Inu olemba zikwangwani a pa Msundwe, pa Nsaru, pa Kasiya ndi pa Nambuma, amene mumajambulira eni makanema ndi asing'anga, musaleke kujambula zoopsa, pakuti tikuzifuna ndipo luso muli nalo. Koma wokulembani ganyu akati mujambule mfiti, musaipatse nkhope ya gogo. Inu a mafoni, mukafika pabwalo yambani mwaonana ndi eni mzinda, supani, funsani dzina la chilombo ndi mwambo umene chabwerera, ndipo mulembe zimenezo pansi pa chithunzi chanu. Ndipo nonse owerenga, mukamva kuti m'mudzi mwanu ayamba kuloza nkhalamba chala, musadikire kuti nyumba ipse. Kauzeni amfumu ndi apolisi tsiku lomwelo.